Wopambana pa okushoni ndi amene walipira koposa onse

Sabata yatha mayi wina amene amagulitsa nsapato za kaunjika pamsika wa Tsoka ku Lilongwe anandiitana kubenchi kwawo n’kundionetsa foni. “Achimwene, taonani izi, ndilowe nawo?” Pagulu la WhatsApp limene iwo alimo, munthu wina wa ku Limbe anali ataika zithunzi za mapeyala 20 a nsapato zothamangira. Mtengo woyambira K100,000, aliyense azitchula wake, ndipo amene akhale pamwamba ikamakwana 9 koloko usiku ndiye atenge katundu. Pamene ankandionetsa n’kuti anthu atafika kale pa K128,000.

Sindinawayankhe kuti alowe kapena asalowe. Ndinawafunsa kuti nsapato zimenezo zitafika pabenchi pawo lero, angatolere ndalama zingati zonse zikatha. Anayamba akhala chete kaye, kenako n’kuseka. Zaka zonse akhala pamsika, mtengo wa nsapato iliyonse amaudziwa atangoigwira, koma tsiku limenelo maso awo anali pa manambala amene anzawo ankaponya pagulupo. Za benchi lawo anali ataziiwala.

Malonda amtunduwu akuchuluka. Ena akuchitikira pa WhatsApp, ena pa Facebook pamene munthu amatsegula belo anthu akuonerera n’kumakweza malaya amodziamodzi kuti anthu apikisane. Ena mwa ife tafika mpaka pogula mafoni ndi malaputopu pa eBay kudzera mwa achibale a ku Britain kapena ku America, ndipo a galimoto anayamba kalekale kudalira okushoni ya ku Japan. Ine sindili m’gulu la amene akuti zonsezi n’zakuba. Muli katundu wabwino mmenemo, ndipo muli phindu. Koma wageni amene amalowa mu okushoni asanalembe papepala mtengo womaliza umene angalipire, wochokera pa mitengo ya pamsika pake, amakhala akukagwirira ntchito wogulitsayo.

Ndikunena izi chifukwa zinandionekera. Chaka china ndinaona zikwama 12 za amayi pagulu lina lotere. Mumtima ndinati ndikafika pa K70,000 ndisiya. Tinatsala awiri, ine ndi munthu wina amene sindinamuonepo nkhope, ndipo nthawi iliyonse ndikatchula mtengo iye ankawonjezera K2,000 yokha, ngati akundiseka. Pofika pa K80,000 zikwama zinali zitachoka kale m’mutu mwanga, chimene ndinkafuna chinali choti munthu ameneyo asandigonjetse pamaso pa gulu lonse. Ndinapambana pa K96,000. Anthu anandiombera m’manja ndi tizithunzi tija ta pa WhatsApp. Zikwamazo zinanditengera mwezi ndi theka kuti zithe, zitatu zinali ndi zipi yakufa, ndipo zonse pamodzi zinandipatsa K88,000.

Ife Amalawi okushoni si yachilendo kwa ife. Aliyense amene anakulira m’banja lolima fodya amadziwa za Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu, kumene ogula amayenda motsatira mzere wa mabelo n’kumatchula mitengo. Koma taonani mmene zinthu zimakhalira kumeneko: mabelo amakhala ambirimbiri, alimi ambirimbiri, pamene makampani ogula ndi owerengeka. N’chifukwa chake amene amadandaula chaka ndi chaka ndi mlimi, wogulitsa. Pa intaneti zinthu zimatembenuka. Katundu amakhala mmodzi, wogulitsa mmodzi, ogula mazana, ndipo aliyense ali ndi foni m’manja. Mpando wa mlimi uja, wa munthu wopanda mphamvu pa mtengo, umakhala wa inu ogula.

Azungu vuto limeneli analipatsa dzina. Mu 1971 akatswiri atatu a kampani ya mafuta ya Atlantic Richfield ku America, a Capen, a Clapp ndi a Campbell, analemba zimene anaona pa malonda opikisana ogulira malo okumbapo mafuta panyanja. Palibe kampani imene inkadziwa bwinobwino kuchuluka kwa mafuta pansipo, aliyense ankangoyerekeza. Ena ankayerekeza mochepa, ena mopitirira, ndipo amene ankapambana kawirikawiri anali uja wayerekeza mopitirira kuposa onse. Zotsatira zake, opambanawo ndi amene ankapeza phindu lochepa kapena kuluza kumene. Amati winner’s curse, ife tingati tsoka la wopambana. Nditawafotokozera mayi aja, anati dzinalo likugwirizana ndi msika wawo. Ngati makampani okhala ndi akatswiri a masamu ankagwa m’mbuna imeneyi, kuli bwanji ine ndi inu amene tikuyerekeza ubwino wa nsapato pa chithunzi chojambulidwa ndi foni madzulo?

Ndiye tinakhala pansi ndi mayiwo n’kuwerengera chobwerera m’mbuyo, kuyambira pabenchi. Pa mapeyala 20 aja, iwo anaona kuti 8 ndi abwino ndithu, oti angapite pa K15,000 peyala imodzi. Ena 8 apakatikati, K10,000. Anayi otsalawo sankaoneka bwino pachithunzi, ndipo katundu amene wogulitsa sanamuonetse bwino muzimuwerengera ngati woipa, choncho tinawaika pa K5,000. Zonse pamodzi K220,000. Tinachotsapo K8,000 yotumizira katundu pabasi kuchokera ku Limbe, K7,000 ya sopo, polishi ndi wosoka nsapato, ndi K5,000 ya chiphaso cha pamsika ndi ndalama imene imadulidwa potumiza pafoni. Panatsala K200,000. Ndinawafunsa phindu limene angakhutire nalo pa katundu woti akhala naye milungu itatu kapena inayi. Anati K40,000. Ndiye kuti malire awo ndi K160,000. Tinalemba nambala imeneyo pachikatoni, osati m’mutu, chifukwa nambala ya m’mutu imasuntha ikakwana 8:55.

Chochititsa chidwi n’chakuti eBay yeniyeniyo inapangidwa moti munthu azichita zomwezi. Mukafuna katundu, makinawo amakufunsani mtengo waukulu umene mungalipire, ndipo sauonetsa kwa anthu ena. Iwo amakupikisanirani pang’onopang’ono, kuwonjezera kandalama kochepa pamwamba pa mnzanuyo mpaka malire anu atakwana. Ngati mwaika madola 100 ndipo wotsatira wanu analekezera pa 60, inu mulipira 60 ndi kena kake pamwamba, osati 100. Munthu wanzeru amaika nambala yake kamodzi n’kukagona. Amene amaluza ndi uja amabwerera mphindi iliyonse kukawonjezera. Palinso anthu amene amadikira masekondi omaliza kuti aponye mtengo wawo mnzawo asanayankhe, poti pa eBay nthawi ikakwana yakwana. Malo ena, monga okushoni ya Yahoo ku Japan, wogulitsa angathe kuika lamulo loti wina akatchula mtengo kumapeto, nthawi iwonjezekere ndi mphindi zisanu. Zikatero mpikisano umatha pokhapokha wina atatopa. Musanalowe paliponse, funsani kuti malonda amatsekedwa bwanji. Pamagulu athu a WhatsApp nthawi zambiri amene amasunga wotchi ndi wogulitsa yemweyo, ndipo 9 koloko yake imatha kufika 9:20 akaona kuti mitengo ikukwerabe.

Katundu wakunja ndiye amafuna pepala lalitali. Mtengo umene mwapambana nawo ndi chiyambi chabe. Makampani ambiri a okushoni ku Britain, amene amagulitsa katundu wobwezedwa m’masitolo pamapaleti, amawonjezera gawo lawo pamwamba pa mtengo wanu, ena 15, ena 20 pa 100 iliyonse kapena kuposa, kenako n’kuikanso msonkho wa kwawoko. Pakhale wokatenga katunduyo, pakhale pomusunga, pakhale malo mu kontena kapena m’ndege, ndipo akafika kuno a MRA akufuna zawo, kuphatikizapo wokuombolerani katunduyo. Zonsezi zimalipiridwa ngakhale mutatsegula katoni n’kupeza theka la zinthu n’zakufa.

Ndiye pali nkhani ya kwacha. Mu November 2023 ndalama yathu inachepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100, dola imodzi inachoka pa K1,180 n’kufika cha m’ma K1,700 usiku umodzi. Chaka cham’mbuyo mwake, mu May 2022, inali itagwanso ndi 25 pa 100. Amene anali atapambana katundu koma asanalipire, kapena katundu ali panyanja msonkho usanaperekedwe, anaona phindu lawo likusungunuka asanamugwire n’komwe katunduyo. Ndipo tonse tikudziwa kuti mtengo wa dola wolembedwa pakhoma la banki si umene wamalonda wamng’ono amaipezera dolayo akamalipira kudzera mwa wothandizira. Powerengera malire anu gwiritsani ntchito mtengo umene mulipiredi, ndipo musiye mpata wa miyezi iwiri kapena itatu imene katundu akhale ali m’njira.

Za galimoto ndinenepo pang’ono chifukwa ndi pamene pamalowa ndalama zambiri, ndipo ena mwa owerenga danga lino akusunga kuti agule kagalimoto konyamulira katundu kapena ka takisi. Misika ikuluikulu ya ku Japan, monga ya USS, salola munthu wamba kupikisana nawo. Amalowa ndi makampani okhala ndi chilolezo, ndipo galimoto imodzi imagulitsidwa m’masekondi ochepa chabe. Inu mumangouza wothandizira malire anu, iye n’kukakuimirirani. Makampani ena odziwika kuno, monga BE FORWARD, amagulitsa galimoto zimene zili kale m’manja mwa ogulitsa pa mtengo woikika, zimene zili zosiyana ndi okushoni, ngakhale anthu amazisokoneza. Ubwino wa okushoni ya ku Japan ndi pepala limene woyendera galimoto amalemba isanagulitsidwe. Pamakhala giredi: 4.5 kapena 5 ndi galimoto yabwino kwambiri, 4 ndi yabwino, 3.5 ili ndi zofunika kukonza, ndipo R kapena RA ikutanthauza kuti inachitapo ngozi n’kukonzedwa. Pachithunzi cha galimotoyo amalembapo zilembo: A ndi pokalika, U ndi pobonyoka, XX ndi chitsulo chimene chinasinthidwa. Pamalembedwanso makilomita amene yayenda. Wothandizira amene akukana kukuonetsani pepala limeneli, kapena akukupatsani lofufutika pamene pali makilomita, musiyeni. Ndipo musanatchule malire, pitani mukafunse msonkho wake kwa a MRA kapena kwa woombola katundu wodalirika, chifukwa umasiyana malinga ndi zaka za galimoto ndi kukula kwa injini. Muwerengerenso za padoko la Dar es Salaam, dalaivala, mafuta ndi za pachipata cha Songwe. Galimoto zimene zimakhalitsa pachipata, eni ake atasowa ya msonkho, zambiri zinagulidwa ndi anthu amene anasangalala ndi mtengo wa ku Japan.

Pa mafoni ndi makompyuta, mawu a Chingerezi amene ali pansi pa chithunzi ndi ofunika kuposa chithunzicho. Mukaona untested, wogulitsa akuti sanayese ngati chikugwira ntchito, ndipo ine ndimadzifunsa kuti munthu wogulitsa mafoni angalephere bwanji kuyatsa foni. Mukaona spares or repair kapena for parts, akukuuzani poyera kuti n’chakufa. Sold as seen ndiye kuti mukagula palibe kubweza. iPhone imene mwini wake woyamba sanachotsemo akaunti yake ya iCloud imakhala yokhoma, ndipo anyamata okonza mafoni m’tauni angakuthandizeni kugulitsa sikirini ndi batire lake basi. Pali anthu amene geni yawo ndi yomweyo, kugula zakufa n’kuphwasula, ndipo amapeza bwino chifukwa amagula pa mtengo wa zakufa. Vuto limabwera munthu akagula zakufa pa mtengo wa zamoyo.

Tibwerere kumagulu athu akuno. Pa eBay n’koletsedwa kuti wogulitsa atume mnzake kukakweza mtengo mwachinyengo, ndipo akagwidwa amatsekeredwa akaunti. Pa WhatsApp palibe wogwira mnzake. Wogulitsa angathe kukhala ndi manambala atatu, kapena mlamu wake ali pambali, n’kumakukankhani pang’onopang’ono. Mpaka lero sindidziwa ngati munthu wa K2,000 uja anali wogula weniweni. Mukakhala pagulu milungu iwiri osagula kanthu, mukungoonerera, mumayamba kuona manambala amene amapikisana pa katundu aliyense wa munthu mmodzi koma osapambana, kapena amapambana katunduyo n’kudzaonekanso mawa lake. Kuona maso a nkhono n’kudekha. Palinso amene alibe katundu n’komwe, zithunzi anazitenga pa intaneti, ndipo mukangotumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba nambala imazima. Kwa munthu amene simunagulepo kwa iye, muuzeni ajambule kanema wa katunduyo pambali pali pepala lolembedwa dzina lanu ndi tsiku la lero. Ngati ali mumzinda wina, tumani wachibale akaone ndi maso ndipo alipire ali pomwepo. Wogulitsa woona sakwiya nazo zimenezi.

Alipo amene anditsutse kuti geni yonse ya kaunjika ndi juga kale. Belo timagula lomanga, osadziwa za m’kati, ndiye chachilendo n’chiyani? Ali ndi mfundo. Ndipo ndivomereze kuti pa mbali imodzi okushoni yathandiza anthu a mpamba wochepa. Mabelo anakwera mpaka mu February 2025 mavenda a kaunjika anachita zionetsero ku Lilongwe kukadandaula ku Nyumba ya Malamulo. Munthu amene sangakwanitse belo lathunthu lero angathe kugula mapeyala 20 amene wawaona pachithunzi, n’kuyamba geni. Zimenezo n’zabwino. Koma kusiyana kwake ndi uku: mtengo wa belo umakhala umodzi kwa aliyense amene wafika pasitolo tsiku limenelo, ndipo suwonjezeka chifukwa choti mwalikonda. Pa belo mumaika pachiswe ubwino wa katundu basi. Pa okushoni mumaika pachiswe ubwino wa katundu ndi mtengo womwe, ndipo amene wasankha mapeyala 20 aja n’kuwajambula anatsegula kale belo, anaona zonse, ndipo akudziwa chifukwa chake sakufuna kuwagulitsa yekha imodziimodzi.

Nanga ife tikakhala ogulitsa? Apa ndiye pamene ndikuona kuti amalonda ambiri akutaya mwayi, ena akuononga dzina. Katundu woyamba amene Pierre Omidyar anagulitsa mu 1995 patsamba limene linadzakhala eBay kanali kanyali kolozera zinthu pabolodi, kakufa, ndipo kanapita pa madola 14.83.  Ntchito ya okushoni ndi imeneyo, kukupezerani munthu mmodzi amene akufuna chinthu chimene anthu odutsa pabenchi panu sakuchidziwa mtengo wake. M’belo mumatuluka jekete lachikopa lenileni, nsapato ya dzina, jezi yakale ya timu ya mpira ya ku England, diresi laukwati. Zoterezi pamsika anthu amakunenererani mpaka mutagulitsa pa mtengo wa malaya wamba. Ziikeni pagulu la anthu 200, zipatseni tsiku limodzi, muone. Koma masiketi wamba, zovala za ana, mapoto, zinthu zimene aliyense akudziwa mtengo wake ndipo zili pabenchi lililonse, musavutike nazo. Palibe amene apikisane pa chinthu chimene angachipeze pakona, ndipo mudzakakamizika kuchipereka pa mtengo woyambira.

Mtengo woyambirawo uzikhala umene mungalolere kugulitsa popanda kudandaula. Ena amayambira pansi kwambiri kuti akope anthu, ndiye zikalephera kukwera amayamba kunama kuti katundu watengedwa kale. Mukatero kawiri gulu lonse limadziwa. Lembani nthawi yotsekera ndipo muisunge ngakhale mitengo ikukwera. Onetsani pong’ambika ndi pothimbirira musanafunsidwe, chifukwa wogula wa pafoni akakhumudwa sabwera kubenchi kudzadandaula mwakachetechete, amalemba pagulu pomwepo anthu onse akuona. Nenani poyambirira kuti wopambana alipire pasanathe maola angati, ndipo akalephera katundu apita kwa wachiwiri pa mtengo wa wachiwiriyo. Opambana osalipira ndi ambiri, ena amangofuna kuoneka pagulu. Ndipo musapereke katundu chifukwa cha chithunzi cha uthenga wa ndalama chimene wogula wakutumizirani. Yang’anani ndalama zimene zili mu akaunti yanu pafoni panu, chifukwa mauthenga abodza oti ndalama zalowa akuyenda kwambiri.

Mayi a nsapato aja analowa nawo mpikisano madzulo ake. Anatchula K140,000, wina anakweza, anatchula K160,000, wina anaponya K165,000. Akuti chala chinkayabwa, koma chikatoni chija chinali pamiyendo pawo, ndipo anaika foni pansi n’kukapakula nsima. Nsapatozo zinatsekedwa pa K205,000, mtengo woti akanatenga iwo akanagwira ntchito mwezi wathunthu n’kuluza K5,000. Patapita masiku awiri anandiimbira foni. Zithunzi zomwe zija, mapeyala 20 omwe aja pamkeka womwe uja, zinali zitabwereranso pagulupo, mtengo woyambira K100,000.